Thandizeni: matayala akumbuyo akukhula fenda pa Altezza

Akuluakulu odziwa za galimoto, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi Toyota Altezza yomwe ndinaitsitsa ndi mamilimita 35 posintha masipuling'i. Marimu ake oyambirira anali 17x7 (mainchesi 17, m'lifupi mainchesi 7), offset +50 (nambalayi ndi ya mamilimita, ikachepa rimu imatulukira kunja), matayala 215/45R17 (m'lifupi mamilimita 215, kutalika kwa mphira wa m'mbali 45 peresenti ya m'lifupimo). Ine ndinaikapo marimu a 17x8, offset +35, ndi matayala 225/45R17.

Ndikakhala ndekha palibe vuto, koma kungonyamula anthu awiri kumbuyo, pa hampu iliyonse kumamveka kuti khwee! Dzulo ndinagwada n'kuunika ndi tochi ya foni: paphewa pa tayala lakumanzere pali mzere wonyezimira wozungulira tayala lonse, ndipo pamlomo wa fenda (chitsulo cha bodi chophimba tayala) penti yachoka, chitsulo chili pamtunda. Zandidetsa nkhawa chifukwa ndimanyamula ana kupita nawo ku Dedza, ndipo tayala lodyeka m'mbali silichedwa kuphulika.

Nditawerengera, marimuwa atuluka kunja ndi mamilimita pafupifupi 28, komanso tayalali ndi lalitali kuposa loyambirira ndi mamilimita 9. Ndiye kubwerera ku 215/45R17 kungathetse vutoli, kapena nditsike mpaka 205/45R17? Koma 205 pa rimu ya mainchesi 8 sikhala yokokeka kwambiri? Za 215/40R17 ndikuziopa, mphira wake ngochepa, ndipo ndi maenje a m'misewu yathuyi rimu ingapindike msanga.

Makaniko wanga akuti tingopinda mlomo wa fenda mkati. Amene munapinditsapo, penti sinang'ambike n'kuyamba dzimbiri nthawi ya mvula? Kukwezanso galimotoyi ndiye sindikufuna. Ndiuzeni saizi imene inakuyenderani, ndi offset yake yomwe chonde.