Tebulo la agogo pa tsiku la zaluso

Lolemba

Tadala: Mwadzuka bwanji nonse. A komiti ya tsiku la zaluso andiyankha. Malo alipo mkati mwa holo, pakati pa oumba mbiya ndi osema ziboliboli. Akufuna tilipire tebulo pofika Lachisanu, apo ayi apereka kwa ena. Mabanja tilipo 9, amene asonkha ndi 4.

Bambo a Limbani: Ine ndinapereka tsiku loyamba.

Tadala: Inde malume, dzina lanu lili pamwamba.

Bambo a Limbani: Ndiye tchulani amene sanapereke. Tikubisiranji?

Amayi a Chikondi: Achimwene, mwezi sunathe. Anthu alandire kaye.

Bambo a Limbani: Nanga ine mwezi wanga unatha liti?

Amayi a Tadala: Tiyeni tione kaye zimene tikukaika patebulopo. Galamafoni ili kwa Mphatso pamodzi ndi mbale zake. Makina osokera ali kwa achemwali. Wailesi ili kwa Limbani. Zithunzi zili kwa ine. Chatsala ndi chimodzi, tonse tikuchidziwa.

Mphatso: Mbale ndawerenga, zilipo 23. Ndayamba kale kupukuta, zada kwambiri. Ndagula kabotolo ka sipiriti

Chikondi: MPHATSO IMA KAYE

Chikondi: Usathire sipiriti chonde. Wapukuta zingati?

Mphatso: Imodzi yokha, ija yobenthuka m'mphepete. Koma yayamba kumata m'manja

Chikondi: Ndi zimenezo. Mbale za agogozo si za pulasitiki ngati zimene zinabwera pambuyo pake. Ndi za shellac, utomoni umene umapangidwa ndi tizilombo ta m'mitengo ku India ndi ku Thailand, ndipo sipiriti amausungunula. Timizere tija tikafafanizika, nyimbo yapita basi. Tenga burashi yofewa yosanyowetsa, uzitsata mizere mozungulira. Ikakanika, kansalu konyowa pang'ono ndi madzi okha, osakhudza pepala la pakati. Ukatha uziimike chilili, usazisanjikize, zimasweka ngati mbale zadothi.

Mphatso: Pepani asuweni, sindimadziwa

Amayi a Chikondi: Inali nyimbo iti yawonongekayo?

Mphatso: Pepala lake linafufutika kale azakhali, sizikuwerengeka

Bambo a Limbani: Mwaona? Zinthu zikuwonongeka m'manja mwa ana. Munthu uja wogula zakale wandiimbiranso dzulo. Akuti galamafoni, makina ndi wailesi atenga zonse pamodzi, ndalama pompo. Tigawane, nkhani ithe.

Amayi a Chikondi: Makina aja anatisokera mayunifolomu tonse asanu. Inu achimwene kabudula wanu woyamba anatuluka pamenepo. Sakupita kulikonse.

Bambo a Limbani: Sindikukana. Koma zinthu ndi za tonse. Zina zinatuluka m'nyumba muja popanda msonkhano, ife sitinalankhule.

Amayi a Tadala: Njinga ija nayonso inali ya tonse.

Lachiwiri

Make Dalitso: Taonani Dalitso wayamba kuyenda!! [vidiyo]

Amayi a Tadala: Eee mwamuna wanga wakula! Mapazi ake ndi a agogo ake enieni

Amayi a Chikondi: Zikomo Ambuye. Mumuchotsere tebulo lagalasi lija apongozi, angagwerepo

Mphatso: ❤️❤️ akubwera naye ku holo?

Make Dalitso: Tibwera naye. Akuti kuli ngodya ya ana, azikajambula ndi kuumba tinthu tadongo. A Tadala, ana amalipira pakhomo?

Tadala: Ana ayi alamu, akulu okha. Koma zapakhomo aliyense adzionere yekha, sizili mu msonkho uno.

Bambo a Limbani: Msonkho wake uti, poti anthu sakupereka? Ine ndinapereka tsiku loyamba.

Limbani: Chikondi, wailesi ija ndikufuna ndiilumikize ku magetsi madzulo ano tione ngati ikulira

Chikondi: Ayi asuweni, musayerekeze. Wailesi ya mavalavu imene yagona zaka zambiri chonchi ma capacitor ake, tizipangizo tosunga magetsi m'kati mwake, amakhala atauma. Mukangoilumikiza ikhoza kufuka utsi n'kupsereza thiransifoma, ndiye kupeza ina yofanana nayo ndi ntchito. Zina mwa zakalezi chitsulo chake cham'kati chimagwira ndi magetsi. Iyeneradi kuonedwa ndi wokonza amene amazidziwa. Pa tsikulo ingokhala patebulo anthu aione, ana aone mavalavu kumbuyo. Kulira ilira galamafoni.

Limbani: Ndiye ndingoipukuta. Vanishi ndipake?

Chikondi: Osapaka. Kansalu kouma basi. Chinthu chakale ukachipaka utoto watsopano anthu odziwa amachiona ngati chawonongeka, ngakhale wogula wa malumeyo angakuuzeni chimodzimodzi.

Bambo a Limbani: Si wogula wanga. Ndi munthu amene akufuna kutithandiza.

Amayi a Chikondi: Chikondi, ndapeza nambala ija umanena. Ili pa kachitsulo kachikasu kutsogolo, kudzanja lamanja. Ndakutumizira chithunzi. M'kabuku kake alemba 15K

Chikondi: Ndachiona amayi. K ameneyo akutanthauza Kilbowie, fakitale ya Singer ya ku Clydebank ku Scotland. Inatsekedwa mu 1980. Nambala yayitaliyo ndikaiyang'ana pa mndandanda wa manambala a Singer umene uli pa intaneti, itiuza chaka chimene anapangidwa, ndiye tilemba pa kakhadi. Maluwa agolide ajambulidwa pamakinawo musawakwechese ndi sopo kapena sitiliwulu, amachoka. Dontho la mafuta a makina pa kansalu kofewa, n'kupukuta pang'onopang'ono.

Amayi a Chikondi: Mafuta ndimathira mwezi uliwonse mwanawe, sabata yatha ndasokera makatani. Ine ndikuti pa tsikulo ndikhale pamenepo ndizisoka, ana aone mmene phazi limapondera. Ambiri sanaonepo makina oyenda opanda magetsi.

Make Dalitso: Zimenezo zikhala bwino amayi. Muzisokera ana timatumba, tinsalu totsala ndibweretsa ine

Tadala: Ndalemba. Koma makina ndi tebulo lake lachitsulo ndi olemera, sangakwere galimoto yaing'ono. Tifunika yonyamula katundu, ndiye msonkho uja ndi wa zinthu zitatu: tebulo, galimoto, masingano.

Bambo a Limbani: Masingano a chiyaninso? Makina alibe singano?

Chikondi: A galamafoni malume. Singano yachitsulo imaimba mbali imodzi ya mbale, mphindi zitatu kapena kupitirira pang'ono, kenako mumataya. Nsonga yake imaperepeseka, mukaibwereza imayamba kukumba mbale. N'chifukwa chake agogo anali ndi tizitini tiwiri, ka atsopano ndi ka otha ntchito. Amagulitsa m'mapaketi a 100, imodzi itikwanira.

Bambo a Limbani: Bambo ankabwereza singano imodzi mwezi wathunthu

Amayi a Tadala: Sankabwereza. Amene ankabwereza bambo akachoka tikumudziwa.

Lachitatu

Tadala: Apereka ndi awa: Malume aakulu zonse. Amayi aakulu zonse. Amayi zonse. Limbani zonse. Chikondi theka. Otsala: malume aang'ono, a Yamikani, a Thoko, ndi banja la a malemu amayi aang'ono.

Bambo a Limbani: Chikondi amalemba makalata aatali koma theka

Chikondi: Theka linalo ndagulira masingano malume, risiti ndatumiza kwa Tadala

Tadala: Zoona, ndaliona tsopano. Chikondi wamaliza.

Bambo a Limbani: A Yamikani amawerenga zonse, timizere tikuoneka. Kuyankha ayi. Kupereka ayi.

Thoko: Ine ndinanena kale kuti mwezi uno sukulu fizi yandipanikiza. Ndipereka pa 5

Tadala: Akufuna Lachisanu achemwali, pa 5 ndi kutali

Amayi a Tadala: Ndimuikira ine Thoko, adzandibwezera. Ana a malemu musawavutitse, gawo lawo tigawane ife akuluakulu.

Amayi a Chikondi: Ndavomera

Bambo a Limbani: Ine ndinapereka kale tsiku loyamba

Amayi a Chikondi: Tikudziwa achimwene. Tikunena za ana a mlongo wanu.

Bambo a Limbani: Chabwino. Tadala undiuze ndi zingati.

Thoko: Zikomo amayi

Mphatso: Ndayesa galamafoni!! Ikulira koma pena imachita gu gu m'kati, ndipo ikafika kumapeto mawu amatsika ngati munthu watopa

Chikondi: Gu gu ameneyo ndi girisi wakale wauma pa sipuling'i. Usatsegule wekha, sipuling'i imeneyo ikafwamphuka imadula zala. Pukusa mpaka uyambe kumva kulimba, usakakamize, ndipo upukusenso usanaike mbale ina iliyonse. Ukamaliza uisiye izungulire mpaka iime yokha. Kamuvi ka liwiro kakhale pa 78.

Mphatso: Pachivindikiro pali galu akusuzumira mu lipenga

Chikondi: Ndi ya HMV ndiye, His Master's Voice. Galuyo dzina lake anali Nipper. Ana akonda zimenezo, tilembe pa kakhadi. Tilembenso kuti galamafoni yoimba mbale zafulati anayambitsa ndi Emile Berliner mu 1887

Limbani: Ine ndili ndi mbale zina zazikulu ndinagula pa kaunjika wa mabuku, ndibweretse tiziimbanso?

Chikondi: Ngati zalembedwa 33 kapena 45 ayi. Za 33 zinayamba mu 1948, za 45 mu 1949, ndi za pulasitiki ndipo timizere take ndi tating'ono. Mkono wa galamafoni ndi wolemera, singano yachitsulo ingazilime kamodzi kokha.

Amayi a Tadala: Zithunzi ndasankha 14. Ndimati ndikazimatitse pulasitiki ija yotentha kuti anthu asazidetse

Chikondi: Chonde amayi aang'ono ayi, ikamata simatukanso ndipo kutenthako kumawononga chithunzi. Tadala azijambule pa sikana, ku holo tipite ndi makope. Zenizenizo zikhale kunyumba. Mayina mulembe kumbuyo ndi pensulo, osati bolopeni.

Amayi a Tadala: Vuto ndi lakuti pa chithunzi cha bandi chija ndikudziwapo bambo okha ndi mnzawo wa gitala. Atatu enawo sindikuwadziwa.

Amayi a Chikondi: Wa ng'oma uja ankabwera kunyumba, wamtali, ankatipatsa ndodo zake tiziseweretsa. Dzina landithawa. Mng'ono wathu ndi amene ankayenda nawo, angadziwe.

Bambo a Limbani: Mng'ono wathu wake uti? Amene sanalankhule pano kuyambira mwezi watha?

Mphatso: Bambo foni yawo ikuvuta

Bambo a Limbani: Imavuta pa nkhani ya ndalama ndi ya akodiyoni pokha

Amayi a Chikondi: Achimwene, mwana asayankhire bambo ake.

Lachinayi

Thoko: Pali amene ali ndi nambala ya wokonza mafiriji uja?

Limbani: Ndakutumizira kumbali

Make Dalitso: Ndamva kuti masana kukhala mabandi atatu ndi kwaya ya ana asukulu. Galamafoni imveka ndi phokoso limenelo?

Tadala: Ndafunsa. Mabandi ali panja kuyambira 2 koloko. Atipatsa mphindi 20 m'holo nthawi ya 11, alengeza pa chimkuzamawu kuti anthu abwere pa tebulo lathu. Mbale zinayi zikwana. Anafunsanso ngati pali woimba akodiyoni, poti anaona pachithunzi. Sindinawayankhe.

Amayi a Tadala: Usawayankhe kaye.

Bambo a Limbani: Auze kuti ilipo koma ili ndi mwini wake watsopano

Chikondi: Kulikonse kumene ili, chachikulu isakhale pa dzuwa kapena m'galimoto yotseka. Timalilime take tachitsulo anatimata ndi phula, likasungunuka timagwera m'kati. Ndi ya Hohner ija, ya ku Trossingen ku Germany, yolimba, koma mvukuto wake ukadyedwa ndi njenjete kapena chinyezi imatha mpweya.

Tadala: Mawa ndi Lachisanu. Zimene zilipo zikwana tebulo ndi masingano. Galimoto ayi. Otsala ndi malume aang'ono ndi a Yamikani.

Bambo a Limbani: Ndiye makina ayenda wapansi

Lachisanu

Tadala: Tebulo ndalipira, risiti iyi. [chithunzi]

Bambo a Mphatso: [uthenga wa mawu, 1:52]

Amayi a Chikondi: Mayo ine. Nyimbo ya bambo ija.

Amayi a Tadala: Ndamvera katatu. Ndalira ndili kuntchito.

Bambo a Mphatso: Mwaswera bwanji achemwali ndi achimwene. Akodiyoni ili bwino. Mvukuto unabooka pakona, ndinapita nayo kwa wokonza, yakhalako masabata asanu, ndalama yanga inathera kumeneko. Sindinafune kulankhula isanalire. Bambo anandipatsa m'manja ali m'chipatala, achemwali aakulu analipo. Loweruka lija ndibwera nayo ndipo ndiimba. Tadala ndakutumizira theka, linalo Lolemba.

Amayi a Chikondi: Ndinalipo.

Tadala: Ndalandira malume, zikomo. Ndiwauza a komiti kuti woimba alipo.

Bambo a Mphatso: Wa ng'oma pachithunzipo ndikumudziwa, mwana wake adakali moyo. Ndimuimbira abwere adzaone bambo ake. Awiri enawo ndimufunsa iyeyo.

Bambo a Limbani: Batani lachitatu la kumanzere linkakakamira. Anakonza?

Bambo a Mphatso: Anakonza achimwene

Bambo a Limbani: Chabwino. Koma galimoto sinakwanebe. A Yamikani tikukuonani.

Limbani: Bambo, ndalankhula ndi mnzanga wa pikapu, akuti tingothira mafuta. Zimene zilipo zikwana.

Tadala: Ndiye zatheka. Pikapu iyambira kwa amayi aakulu 7 koloko kunyamula makina, kenako kwa Limbani wailesi. Mbale zisakwere kumbuyo, Mphatso uzikulunge m'mataulo uziike chilili m'katoni.

Bambo a Limbani: Galamafoni ndinyamula ine pamiyendo, kutsogolo. Munthu wogula uja ndamuuza asaimbenso.

Mphatso: Bambo aakulu mudzafike ndi 6:30 ndiye, tidzakuonetseni kuika singano

Bambo a Limbani: Ndinayamba kuika singano iwe usanabadwe. Ndifika 6.

Thoko: Nsalu yoyala patebulo abweretsa ndani?