Desktop yanga ikumangozima yokha ndikayamba render, vuto n'chani?

Wakuchibavi:
Abale ndithandizeni, mutu waima. Ndili ndi desktop ya Core i5 yomwe ndimapangira mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Mzuzu, ndiye mwezi watha ndinaikamo graphics card ya RX 580 kuti ntchito izithamanga. Ndikamalemba kapena kuona Facebook imagwira tsiku lonse bwinobwino koma ndikangoyamba render (kutulutsa vidiyo yomalizidwa) sipatha mphindi zisanu imangoti zii ngati wina wazula pulagi kenako n'kudziyatsa yokha. Windows ndaikanso kawiri, palibe chasintha. Pa power supply (bokosi lopereka magetsi mkati mwa kompyuta) panalembedwa 500W ndiye ndimaona ngati ndi yokwanira. Pali mayi wina akudikira vidiyo ya ukwati wa mwana wake Loweruka, ndikusowa chomuuza.

Fundi_Luwinga:
Achimwene Windows ilibe mlandu, musadzivutitsenso. 500W yolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu ija musaikhulupirire msanga. Tsegulani mbali ya case muwerenge sitika ya pa power supply, muone mzere wa +12V, pansi pake pali ma amps angati. Ma amps amenewo muchulukitse ndi 12, amenewo ndiye ma watts enieni omwe power supply ingapereke kwa card ndi processor. RX 580 payokha imakoka 185W ikamagwira ntchito yolemetsa. Mutiuzenso, chingwe cha 8-pin cholowa mu card chikuchokera mu power supply momwemo kapena mwalumikiza adapter?

Wakuchibavi:
Palembedwa +12V 20A. Chingwe cha 8-pin panalibe, ndinagula ka adapter kolumikiza pa SATA, pulagi ya hard drive ija. Ndakagwira pompano katentha, ndipo kakununkha ngati pulasitiki wopserera.

Fundi_Luwinga:
Zimitsani pompano, chonde, ka adapter ako mukataye. 20 kuchulukitsa ndi 12 ndi 240W basi, card yatenga 185, processor ikufuna 65 kapena kuposa, nanga hard drive ndi mafani adya chani? N'chifukwa chake ikumadzizimitsa, ikudziteteza. Koma chondiopsa kwambiri ine ndi SATA yo, pulagi imeneyo siipitirira 54W ndiye inu mukuikamiza katundu wochuluka wa card. Ndinaonapo ina itasungunuka mpaka waya wachikasu kuda bii, mwini wake anali mwayi kuti anali pafupi.

Pezani power supply ya 550W ya 80 Plus Bronze (chizindikiro choti siiwononga magetsi ambiri) yokhala ndi 8-pin yakeyake, pa +12V pazikhala cha m'ma 45A. Pogula muinyamule m'manja, yabwino imalemera, zongopepuka ngati chitini chopanda kanthu zisiyeni ngakhale atakutsitsirani mtengo bwanji. Yakaleyo musaitsegule kuti mukonze, ma capacitor amasunga moto ngakhale mwazula kukhoma.

NyaKatoto:
Zoona zimene anena a Fundi. Ine ndiwonjezere za UPS, bokosi la batire losunga magetsi, poti magetsi akathima render ili pakati ntchito yonse imayambiranso. Musagule ka 650VA poganiza kuti ndi 650W, timeneti timangopereka pakati pa 360 ndi 390W, kuika monitor pomwepo kayamba kulira. Tengani ya 1000VA kupita m'mwamba. Ndipo poti case mwatsegula kale mupemerere fumbi pa fani ya processor, yanga ndinaipeza itatsekeka ngati bulangete.

Wakuchibavi:
Yewo chomene nonse. Card ndayamba ndaichotsa, ndikupanga render ndi processor yokha, ikuchedwa koma ola lakwana isanazime. A Fundi mawa m'mawa ndikupezani ku Luwinga mundithandize kusankha.