Ndalama tasonkhazi: chipinda cha mbiri ya njanji kapena shedi ya nsomba pa Chipoka?

Wapampando: Abale ndi alongo, nkhani ija tinaisiyira panjira. Ena akuti tikonze chipinda chimodzi pa siteshoni tiikemo zithunzi ndi mbiri ya njanji, ena akuti timange shedi ya amayi ogulitsa nsomba. Yankhulani pompano, osati kumakadandaulira kumbali.

Mayi a ku Area 25: Ine shedi basi apampando. Mvula ikayamba amayi aja amangofunditsa usipa ndi mapulasitiki, wina kuchita nkhungu, mpamba wonse kuthera pomwepo. Zithunzi munthu sadya.

Aphunzitsi opuma: Mayi mukunena zoona koma dzifunseni kuti msika wa nsombawo unakula chifukwa chani. Njanji yochokera ku Blantyre kudzera ku Balaka, Golomoti ndi Mtakataka inafika ku Salima mu 1935, chaka chomwecho anatsegula mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, ndiye katundu amachoka ku Beira osatsitsidwanso pamtsinje mpaka kufika kuno kwathu, apa nkumupakira mu sitima ya pamadzi kupita kumpoto. Chipoka ndi pamene njanji ndi nyanja zinakumana. Ilala yomwe inayamba kuyenda mu 1951 ija anaipangira ku Scotland, inabwera zidutswazidutswa ndipo zinadzera njanji yomweyi. Ana athu amadutsa pa doko tsiku ndi tsiku osadziwa zimenezi.

Wa ku Joni: Kkkkk aphunzitsi ayambapo kalasi. Koma funso langa ndi limodzi, nyumba za pa siteshonizo ndi zathu? Chichokereni 1999 njanji ili mmanja mwa kampani ya Central East African Railways (CEAR), malo ndi aboma. Tikapenta, tikaika malata, mawa eni ake abwere ndi loko wawo tidzati chani?

Msungichuma: Achimwene mwagunda pomwe ndimafuna. Popanda kalata yachilolezo ine sinditulutsa ngakhale tambala. Komanso chipindacho chidzafuna mlonda mwezi ndi mwezi, pomwe pagulu pano ena zosonkha za chaka chatha sanamalize, sinditchula maina.

Aphunzitsi opuma: Chabwino chipinda chidikire. Koma anthu omwe anagwira ntchito nthawi ya sitima za malasha akutha, atsala owerengeka. Malume anga anali mu gulu lokonza njanji, amasimba mmene amanyamulira zitsulo pamapewa akuimba kuti mapazi agwirizane, wina akaphonya phazi onse kugwa nacho. Amasimbanso za mu ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique itatseka njira za ku Beira ndi Nacala, mabogi kumangokhala. Anamwalira osajambulidwa mawu ngakhale amodzi.

Mtsikana wa ku koleji: Pepani akuluakulu ndilowelereko. Kujambula mawu sikufuna chipinda, foni yomweyi ikwana. Tchuthi chikubwerachi ine ndi anzanga titha kuyendera agogo amenewa, bola mutipatse ya transipoti ndi kasuga kokalowera pakhomo, sitingapite chimanjamanja.

Mayi a ku Area 25: Izi nde ndavomera mwanawe, zotchipa. Koma mukafunsenso azimayi, osati amuna okhaokha. Amayi anga ankagulitsa mpunga ndi nsomba zowamba kudzera pa mawindo a sitima, chenji kuchita kuthamanga nacho sitima itanyamuka kale, imeneyonso ndi mbiri.

Wa ku Joni: Nde shedi ikamangidwa khoma limodzi tilembepo zaka zija, 1935 njanji kufika, 1979 kupitirira ku Lilongwe, 1980 ku Mchinji. Penti ndigula ine.

Msungichuma: Mwalemba nokha pagulu, ndasunga meseji imeneyi. Koma malo a shediwo a gulupu anavomera kale kapena tikungowerengera?

Wapampando: Sanavomere, sitinapiteko nkomwe. Amene muli kumudzi mukaonane nawo Loweruka, mukafunsenso a komiti ya msika ngati akufuna shedi kumtunda kapena kufupi ndi nyanja, paja madzi anakwera mu 2024 mpaka kulowa mmalo ena. Za chipinda mlembi alembe kalata yopempha chilolezo timve chomwe atiyankhe.

Aphunzitsi opuma: Kalatayo ndiione kaye isanapite, ija ya chaka chatha munalemba Chipoka ndi c wamng'ono.