Corolla ikunjenjemera m'mawa koma ikatentha ili bwinobwino, ndiyambire pati?

Wofunsa:
Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi Toyota Corolla AE100 ya mu 1994, injini ya 5A-FE, ndimakhala ku Dedza. Chiyambireni kuzizira kuno, ndikailiza m'mawa imalira msanga koma imanjenjemera, singano ya rev ili cha pa 500 kapena 600. Ndikaponda moto imatsamwa, mwina kuzima kumene. Ikatentha vuto lonse limatha. Mapulagi ndi atsopano, ndipo nyali ya check engine siyaka ndikamayenda. Ena akuti ndigule distributor (chogawira moto ku mapulagi), ena akuti ndi pampu ya petulo. Ndalama yongoyesera zinthu ndilibe.

Makaniko wa ku Biwi:
Achimwene, musagule kanthu kaye. Pampu ikafooka imadziwika pokwera chitunda kapena pothamanga, osati m'mawa galimoto itangoima. Komanso vuto ili limayezedwa injini ili yozizira. Mukapita nayo ku galaja mutaiyendetsa, makaniko sapeza kalikonse. Igone komweko, kapena muyeze nokha pakhomo.

Choyamba tidziwe ngati ikudumpha silinda imodzi kapena injini yonse ndiyo yafooka. Mukangoiliza, zulani soketi ya magetsi ya pa injector (yopopera petulo ku silinda) yoyamba, mumvetsere, mubwezere, mupite pa yachiwiri mpaka zonse zinayi. Silinda yabwino mukaizula injini imagwa mphamvu. Imene mwazula koma osasintha kalikonse ndiyo yodwalayo. Zikasintha zonse mofanana, ndiye kuti nkhani ndi ya mpweya kapena petulo wa injini yonse.

Wina aime kumbuyo aone utsi. Nthunzi yoyera yongotha yokha ndi ya kuzizira, musade nayo nkhawa. Utsi wabuluu kwa kanthawi ndi oyilo wotsikira m'masilinda usiku chifukwa ma valve seal auma. Wakuda wonunkha petulo ndi injector yodontha. Woyera wochuluka wonunkhira motsekemera, uku madzi akuchepa mu radiyeta, umenewo ndi gasiketi ya hedi: madzi amadonthera mu silinda usiku, ndiye imadumpha mpaka atauma. Pulagi ya silinda yoteroyo imakhala yoyera mbee kuposa zinzake.

Wa zamagetsi a galimoto, Limbe:
Bwana, mawu akuti 500 kapena 600 ndi amene andigwira mtima. Injini iyi ikazizira imayenera kukwera yokha kupitirira 1,000, nthawi zambiri cha pa 1,200 mpaka 1,500, kenako kumatsika pang'onopang'ono kufika cha pa 700 kapena 800. Yanuyo sikukwera. Ndiye kuti mwina kompyuta ya galimoto sikudziwa kuti injini yazizira, kapena ikudziwa koma mpweya ulibe podutsa.

Yambani ndi ma code, manambala a mavuto amene kompyuta imasunga, salipiritsa. Pansi pa boneti pali kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS. Lumikizani TE1 ndi E1 ndi kawaya, tembenuzani kiyi pa ON osaliza injini, muwerenge kuphethira kwa nyali ya check engine. Ikamaphethira mofanana osapumira, palibe code. Kawiri, kupumira, kawiri ndi 22, sensa ya kutentha kwa madzi. 31 ndi sensa ya vacuum, 41 ndi ya pa throttle.

Koma kusowa kwa code kusakunamizeni. Code 22 imabwera waya akaduka kapena akagundana. Sensa ikamangonama, kunena kuti madzi ndi ofunda pomwe ali ozizira, kompyuta imakhulupirira. Petulo sasanduka nthunzi bwino m'njira zozizira, wina amamatirira m'makoma, n'chifukwa chake injini yozizira imafuna wochulukirapo. Akachepa imatsamwa ndendende momwe mwafotokozeramu.

Muyeze sensa ya kutentha kwa madziyo ndi multimeter (kachipangizo koyezera magetsi) m'mawa musanailize. Sensa yake ndi ya mawaya awiri. Ya waya mmodzi ija ndi ya geji ya pa dashibodi, siikhudza kompyuta. Pa madigiri 20 iwerenge pakati pa 2,000 ndi 3,000 ohms, kukazizira kuposa apo nambala imakwera. Pa madigiri 80 imatsika kufika pa 200 mpaka 400. Muonenso soketi yake ngati mulibe dzimbiri lobiriwira.

Membala wina:
Ine ndikuti ndi mawaya a mapulagi. Kukakhala mame kapena chiperoni, moto umathawira panja pa waya wong'ambika, injini ikatentha chinyontho chimauma basi yachira. Ilizeni mbandakucha kuli mdima, muwaze timadzi pa mawayawo, mudzaona timoto tikuthetheka. Waya aliyense asapitirire 25,000 ohms. Mutsegulenso chivundikiro cha distributor muone ming'alu, chinyontho kapena oyilo, poti coil ya injini iyi imakhala m'kati momwemo. M'mabowo a mapulagi mukapezeka oyilo, ma seal a tappet cover atha.

Wa zamagetsi a galimoto, Limbe:
Zoona akulu, ayang'ane ndithu, ndi ntchito yosatenga nthawi. Koma waya wothawitsa moto amadumphitsa silinda, saletsa kompyuta kukweza rev. Apa rev sikukwera n'komwe.

Makaniko wa ku Mzuzu:
Chimene sichinatchulidwe ndi valavu ya idling, ija ili kunsi kwa throttle body (polowera mpweya wopita mu injini), yokhala ndi timapaipi tiwiri ta madzi. Ndiyo imalowetsa mpweya woonjezera injini ikazizira. Pa galimoto ya zaka zoposa 30 imadzaza mwaye wosakanikirana ndi oyilo, ndipo m'mawa mwayewo umalimba, valavu osatseguka. Masulani throttle body yonse, muchotse valavuyo, mutsuke njira zake ndi carb cleaner mpaka kachitseko ka m'kati kaziyenda momasuka. Mbali ya magetsi musainyike m'mankhwala. Masikuluu ake amakonda kutha mutu, sikuludiraiva ikhale yokwana bwino, ndipo gasiketi muike yatsopano. Chonde musalole munthu akoke chingwe cha throttle kuti rev ikwere. M'mawa izioneka ngati yachira, masana izilira pamwamba n'kumamwa petulo.

Wofunsa:
Zikomo nonse, ndayeza m'mawa uno. Injector iliyonse ndikaizula injini imagwa mofanana. Utsi ndi nthunzi chabe, madzi sakuchepa, timoto pa mawaya sindinaone, code palibe. Sensa ya mawaya awiri yawerenga 620 ohms injini isanalire, kunja kukuzizira kwambiri. Chinanso, singano ya geji siifika pakati ndikamayenda mumsewu waukulu. Amene anandigulitsa akuti thermostat inachotsedwa kalekale.

Wa zamagetsi a galimoto, Limbe:
Mwaipeza bwana. 620 ohms ndi nambala ya madzi a madigiri pafupifupi 60. M'mawa wa ku Dedza nyengo ino imayenera kudutsa 3,000. Kompyuta ikuona ngati injini yafunda kale, ndiye sikuonjeza petulo wokwanira komanso sikutsegula valavu ya idling. Sinthani sensayo injini ili yozizira: tsegulani kapu ya radiyeta kuti mpweya utuluke, mutsekenso, mumasule sensayo ndi sipanala ya soketi yaitali ya 19, yatsopano ili kale m'manja kuti madzi asatayike ambiri. Wosha yake ikhale yatsopano, ndipo musamange mwamphamvu chifukwa imalowa mu aluminiyamu. Popita kogula tengani multimeter muiyezere pa kauntala pomwepo, makamaka ikakhala yochotsa pa injini ina. Mukamaliza zulani fyuzi ya EFI kwa mphindi imodzi kuti kompyuta iiwale zakale.

Makaniko wa ku Biwi:
Thermostat ibwerere achimwene, ya madigiri 82. Ambiri amaichotsa poganiza kuti kuno n'kotentha, koma popanda iyo injini imachedwa kufunda, ndipo sensa yatsopano ikayamba kunena zoona kompyuta izithira petulo wambiri ulendo wonse, mapulagi n'kuda. Poika, kavalavu kakang'ono kogwedera kayang'ane m'mwamba kuti mpweya uzituluka. Thirani coolant osati madzi a pa mpopi okha, muilize kapu ili yotsegula, hita ili pa HOT, mpaka thovu litasiya ndipo fani yazungulira. Mudzazenso ikazizira.

Valavu ya idling mutsukebe monga anenera a ku Mzuzu. Ikadzapitirizabe kunjenjemera, m'mawa popani carb cleaner pang'ono m'mbali mwa gasiketi ya inlet manifold ndi pa timapaipi ta vacuum, kutali ndi distributor kuopa moto. Pomwe rev yasintha ndi pomwe mpweya ukulowera mwakuba. Pakapanda kupezeka kanthu muyezetse compression (mphamvu yopanikiza mpweya m'masilinda): silinda iliyonse isatsike pansi pa 10 bar, ndipo zisasiyane kuposa 1 bar.