Za K19,000 yoperewera m'bokosi la banki m'khonde ndi ngongole ya membala Nambala 9

Nambala 14:
Amayi Wapampando ndi anzanga nonse, ndalemba pano poti Lachinayi nthawi inatithera. Ndinakongola K60,000. Ndabweza K26,000 katatu, zonse pamodzi K78,000. Malamulo athu amati chiwongoladzanja ndi 10 peresenti pa mwezi pa ndalama yotsala. Ndiye mwezi woyamba K6,000, wachiwiri K4,000 poti panatsala K40,000, wachitatu K2,000. Ndimayenera kubweza K72,000. A Nambala 6 anawawerengera pa zotsala, ine pa ndalama yonse. K6,000 yanga ibwere.

Mlembi:
Mayi, ndayang'ana m'kaundula, masamu anuwo ali bwino. Koma ndalamayo sili m'thumba mwanga, inalowa m'bokosi pamaso pa anthu 20. Tsiku lachisankho ndinapatsidwa kaundula, chidindo ndi cholembera basi. Pepala la malamulo lafika m'manja mwanga sabata ziwiri zapitazo, n'chifukwa chake a Nambala 6 awerengeredwa bwino.

Nambala 3:
A Mlembi, safunsa anadya phula. Miyezi inayi mukulemba ngongole za anthu opanda malamulo m'manja, osafunsa? Ndipo nkhani si yokhayi. Lachinayi bokosi linaperewera K19,000 ndipo tinabalalika osamva mutu wake. Amene walakwitsa abweze za m'thumba mwake, ndi mmene ena adzaphunzirire.

Wowerenga ndalama:
Ndipereke manambala bwinobwino kuti tisakangane pa za m'maganizo. Thumba la ngongole, kaundula akuti K412,000, tinawerenga K393,000. Zaperewera K19,000. Thumba la zadzidzidzi, kaundula akuti K37,000, tinawerenga K52,000. Zapitirira ndi K15,000. Tinawerenga kawiri, aliyense payekha.

Mlembi wakale:
Ndiye K15,000 yapezeka kale, sinabedwe. Chipepeso cha maliro chija chinali K15,000. A Mlembi anachichotsa m'kaundula ku thumba la zadzidzidzi monga zimayenera, koma dzanja linalowa m'thumba la ngongole. Zimachitika matumba awiri akafanana mtundu ndiponso akatsegulidwa nthawi imodzi.

Msonkhano uli ndi ndondomeko yake, ndipo komiti yatsopanoyi ikuidumphadumpha pofuna kufulumira. Bokosi likatsegulidwa, musanagwire ndalama, a Wapampando afunse mamembala kuti sabata yatha munatsala zingati m'thumba la zadzidzidzi. Anthu atchule pakamwa, kenako owerenga awerenge. Zikagwirizana, aliyense aponye chopereka chake, wofuna thandizo alandire, muwerengenso, mulengeze, thumbalo limangidwe libwerere m'bokosi. Apo m'pamene mutsegule la ngongole, mwanjira yomweyo. Kenako masheya, kenako obweza ngongole, pomaliza okongola atsopano. Thumba lina likakhala pamphasa, linalo likhale m'bokosi. Mukanafunsa mamembala sabata yotsatira maliro aja, vutoli likanaoneka tsiku lomwelo, osati patatha milungu isanu ndi umodzi.

Nambala 3:
Chabwino, K15,000 tamva. Nanga K4,000?

Nambala 11:
Imeneyo ikhoza kukhala yanga. Sabata imene ndinali kuchipatala ndinatumiza K4,000 pa foni ya amayi Wapampando, ya masheya awiri. M'kabuku mwanga munadindidwa. Uthenga wake ndikadali nawo.

Wapampando:
Zoona achemwali, ikadali pa foni. Ndibwera nayo Lachinayi.

Wosunga bokosi:
Apa m'pamene ndimadandaula ine. Chidindo chisagunde kabuku ndalama isanalowe m'mbale. Membala apereke kwa owerenga, owerenga alengeze kuti K4,000, masheya awiri, a Mlembi adinde kawiri, timabokosi titatu totsala m'kabukumo atikhwatche kuti wina asadzadindemo pambuyo. Wotumiza pa Mpamba kapena Airtel Money atumizire mnzake, mnzakeyo aitape abwere nayo m'manja. Ndalama ya gulu ikagona pa foni ya mtsogoleri, maloko atatu a pabokosi aja alibenso ntchito. Komanso bokosi likaperewera, dzina loyamba kutchulidwa m'mudzi ndi la wosunga bokosi, chonsecho makiyi ali ndi anthu ena atatu.

Nambala 8:
Za K19,000 zatha, koma nkhani yaikulu mukuizemba. A Nambala 9 anapatsidwa K100,000 ali ndi masheya 12, ndiye kuti K24,000. Lamulo ndi katatu ka zimene wasunga, malire awo anali K72,000. Tsiku limenelo m'thumba munali pafupifupi K400,000, ndiye gawo limodzi mwa magawo anayi linapita kwa munthu mmodzi. Ena atatu amene anapempha mkati mwa malire awo anadulidwa. Miyezi iwiri apereka chiwongoladzanja chokha, wachitatu sanapereke kanthu. Panopa ndi K110,000.

Wapampando:
Anabwera ndi chifukwa chomveka cha bizinesi yawo, ndipo ndinafunsa gulu ngati pali wotsutsa. Palibe anayankhula.

Nambala 8:
Amayi, funso limenelo ndi lolemetsa. Ndani angaimirire pamaso pa mnzake n'kunena kuti musam'patse? Chimene chimachitika n'chakuti a Mlembi amatsegula kabuku ka wopemphayo, amawerenga masheya mokweza, owerenga amachulukitsa katatu, basi malire adziwika. Nambala ndiyo imakana, munthu sakhala ndi mlandu ndi mnzake. Zopempha zikaposa ndalama imene ilipo, m'pamene gulu limakambirana zodulana, ndipo onse amadulidwa poyera.

Nambala 3:
Ndiye K28,000 yopitirira malireyo ikhale pa mutu pa amayi Wapampando. A Nambala 9 akalephera, alipire iwowo. Ine ndili ndi masheya 70. Tiwerenge: masheya awo panopa ndi 15, K30,000. Tikawalanda, patsala K80,000 yotayika. Gulu lonse lili ndi masheya 800, ndiye sheya iliyonse itaya pafupifupi K100. Ine ndekha K7,000, chifukwa cha sukulu ya anthu ena.

Mlangizi:
Amayi ndi abambo, ndawerenga zonse. A Nambala 3, masamu anu ndi oona ndipo kukwiya kwanu n'komveka, koma pa zolipiritsa a Wapampando sindikugwirizana nanu. Mtsogoleri amalipira za m'thumba ngati watenga ndalama kapena wachita chinthu kuseri kwa gulu. Ngongole iyi inaperekedwa pamsonkhano, anthu 20 ali pompo, malamulo munavomereza nonse pachiyambi. Mukayamba kulipiritsa atsogoleri pa zolakwa za poyera, chaka chamawa palibe adzavomere mpando, ndipo amene alipowa ayamba kubisa akalakwitsa. Kubisako ndiko kumagwetsa magulu.

Gwero lake ndi ili: munasintha anthu onse asanu tsiku limodzi, wapampando, mlembi, wosunga bokosi ndi owerenga awiri, popanda kupatsirana ntchito. Chisankho cha chaka ndi chaka n'chabwino, musachisiye. Koma mtsogoleri watsopano amaphunzira pa ndalama zenizeni za anthu, ndipo zolakwa zake zimafanana kulikonse: amaopa kukana mnzake, amadumpha ndondomeko kuti msonkhano uthe msanga, amachita manyazi kufunsa amene anam'gonjetsa pa chisankho. Mamembala nawonso amamasuka, amati poti alipo olemba, ife tingokhala. Njira ya banki m'khonde imeneyi, kuchokera pomwe bungwe la CARE linaiyambitsa ku Niger mu 1991, inakonzedwa kuti ngakhale wosadziwa kulemba athe kulondera ndalama yake ndi maso ndi makutu. N'chifukwa chake pali chidindo m'malo mwa manambala, pali kuwerenga mokweza, pali kuloweza zotsala. Zimenezi ndi ntchito ya mamembala, ndipo ndizo munasiya.

K6,000 ya a Nambala 14 ituluke m'thumba la ngongole poti ndimo inalowa, ilembedwe ngati yobwezedwa. K15,000 isamuke ku thumba la zadzidzidzi kupita ku la ngongole pamaso pa onse.

Nambala 17:
A Mlangizi, pali china. A Nambala 14 azindikira poti amatha masamu ndipo ali ndi pakamwa. Nanga agogo athu aja amene amangopereka zimene auzidwa? Aliyense amene anabweza pang'onopang'ono pepala la malamulo lisanafike ayenera kuti anadulidwa chimodzimodzi. Kabuku kalikonse kawerengedwenso, osati ka odandaula okha. Ndipo taonani m'mbale: anthu amene ankagula masheya asanu akugula imodzi kuyambira pomwe manong'onong'o anayamba. Masheya akachepa, ndalama yokongoza ichepa, phindu la pogawana nalonso lichepa. Zimenezo palibe adzatibwezere.

Mlembi:
Ndawerenga m'kaundula usiku uno. Obweza m'magawo nthawi imeneyo ndi anayi, kuphatikiza a Nambala 14. Ndibweretsa masamu a aliyense pa pepala, koma ndikupempha a Mlembi akale akhale pambali panga powerengapo.

Mlembi wakale:
Ndikhalapo, ndipo ndipitiriza misonkhano inayi yotsatira. Cholembera chikhala m'manja mwanu, ine ndizingoyang'ana mzere uliwonse musanatseke. Pa ngongole muzilemba zinthu zinayi mwezi uliwonse: yotsala, chiwongoladzanja chake, yobwezedwa, yotsala yatsopano, wokongolayo asaine kapena adinde chala.

Nambala 9:
Anzanga, ngongoleyo sindikuikana ndipo amayi Wapampando musawavutitse chifukwa cha ine. Ndikhoza kumapereka K15,000 sabata iliyonse. Ndimapempha chiwongoladzanja chiime.

Wowerenga ndalama:
Mayi, tiwerenge kaye musanapemphe zimenezo. Sabata zinayi ndi K60,000, patsala K50,000. Chiwongoladzanja chake K5,000, zikhala K55,000. Sabata zitatu za K15,000 ndi yomaliza ya K10,000, mwatha. Sabata zisanu ndi zitatu, zonse K115,000. Tikaimitsa kwa inu, tidzaimitsa kwa aliyense wochedwa, ndipo obweza pa nthawi adzaona ngati alangidwa. Ine ndikuti chisaime, koma ngongole ina musatenge mpaka iyi itatha.

Nambala 3:
Ndondomeko ya a Nambala 9 ndaivomera, bola ilembedwe asaine. Koma za a Wapampando sindinakhutire. Wochedwa kumsonkhano timam'lipiritsa chindapusa, nanga wa komiti wophwanya lamulo la katatu? Tiike m'malamulo kuyambira pano, ndipo tivote.

Mlangizi:
Zimenezo n'zotheka, malamulo ndi anu. Lamulo latsopano ligwire za m'tsogolo, lisabwerere m'mbuyo. Mukamavota muganizirenso zoti pa chisankho chikubwerachi komiti yotuluka ndi yolowa zidzakhale limodzi, awerenge bokosi, makabuku ndi ngongole zonse, asainirane, pepala la malamulo liperekedwe tsiku lomwelo.

Wapampando:
Lachinayi aliyense afike pa nthawi yake, osunga makiyi atatu musatume ana. Tiyamba ndi kusamutsa K15,000 ndi K4,000 ya a Nambala 11, kenako makabuku onse 20, kenako pepala la a Nambala 9. Mavoti awiriwo tichita ndi timiyala m'thumba kuti aliyense asankhe momasuka. Ngongole zatsopano ziyembekeze mpaka bokosi ndi kaundula zitagwirizana.

Nambala 8:
Atatu amene anadulidwa ngongole zimene anapempha aja akhale oyamba pa mzere ngongole zikatsegulidwa.