Za mwala wa mayina a asilikali ku parishi

aPhiri (wapampando): Odi abale. Nkhani ija ya chikumbutso, abambo mfumu avomera kutipatsa khoma mkati mwa tchalitchi. Tikufuna mwala olembapo mayina a ana akuno amene anafera kunkhondo, tidzautsegule pa 11 November. Maganizo anu chonde.

NaBanda (ku Joni): Ine ndisaname, mjigo wa kusukulu unafa kalekale ana akumwa madzi apachitsime ife tizikagula mwala? Chipilala cha KAR (King's African Rifles, gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda) chilipo kale ku Zomba pafupi ndi Cobbe Barracks, ofuna kukumbukira azipita konko.

aMbewe: Achemwali, agogo akumudzi ndi angati anakafikako ku Zomba? Achimwene awo a agogo anga anapita ku Burma mu 1944 osabwerako, kumudzi kunangofika uthenga wochokera kwa DC anthu nkulira maliro opanda mtembo, manda kulibe ngakhale poti nkukalambula. Ife tikatha dzina lawo lathanso.

Che Yusufu: Ndikugwirizana nazo koma funso langa ndi malo. Asilikali ambiri a KAR anali Ayao, Asilamu. Mwala ukakhala mkati mwa tchalitchi mayina a makolo athu alembedwapo? Nanga ife tizikauona bwanji?

Aphunzitsi aGondwe: Che Yusufu mwalasa. Ndipo pali ena amene palibe akuwatchula, amtengatenga. Nkhondo itayamba ku Karonga mu 1914 azungu ankagwira amuna m'midzi kuti azisenza zipolopolo ndi ufa pamutu mpaka ku Tanganyika, anali ochuluka kuposa asilikali enieniwo ndipo ambiri anafa ndi kamwazi, malungo ndi njala, kuikidwa m'mbali mwa njira basi. John Chilembwe analemba kalata chaka chomwecho kudandaula za magazi a anthu akuda pankhondo ya eni. Tikalemba a yunifomu okha ine chopereka changa musachiwerengere.

NaBanda: Mayina awo muwapeza kuti aphunzitsi, poti sanalembedwe?

Aphunzitsi aGondwe: Kwa mafumu ndi agogo, banja lililonse limadziwa wake amene sanabwere. Tifulumire akadali moyo.

Chisomo: Musiyekonso malo kumunsi, nkhondo sizinathe. Ku Beni ku DRC mu November 2018 tinataya asilikali 6 a MDF.

aPhiri: Chabwino, ndikapempha abambo mfumu kuti mwala ukhale panja pafupi ndi msewu, aliyense azifikapo. Aphunzitsi ndi Che Yusufu yambani kuyendera mafumu. Mayi NaBanda, tipezereni mtengo wa zipangizo za mjigo, Loweruka tikambe zonse ziwiri.

NaBanda: Ndimva mawa. Koma mjigo uyambe.