"Mutu umodzi susenza denga": denga lake ndi liti, nanga ankalisenza bwanji?

Akuluakulu, ndithandizeni pa mwambi uwu. Ndangoyamba kumene ntchito yojambula mapulani a nyumba, ndipo mtima wanga uli pa nyumba zakale ndi luso la amisiri amene ankazimanga. Tonse tinaphunzitsidwa kuti mwambiwu umanena za kugwirizana pa ntchito, ndipo sindikutsutsa. Chimene chandigwira mtima ndi liwu loti kusenza. Masiku ano denga sitisenza. Kalipentala amakwera pakhoma, n'kuyala mitengo, n'kukhoma malata komweko. Nanga amene anapeka mwambiwu ankaona chiyani ndi maso awo?

Ine ndikuganiza kuti ankanena denga lozungulira, losongoka pamwamba, lomangira pansi. Mapaso amakumana kunsonga, ndipo amamangidwa ndi luzi ku timitengo topinda tozungulira, kuyambira kakang'ono kumwamba mpaka kakakulu m'munsi, konga mkombero wa lichero. Denga lililonse lotsetsereka likalemedwa limafuna kuphwasuka n'kukankhira makoma kunja. Pa denga lozungulirali, mtengo wozungulira wam'munsiwo ndi umene umamanga mapaso onse kuti asatayane, choncho dengalo limaima palokha lisanakhudze n'komwe khoma. N'chifukwa chake limatheka kulinyamula lathunthu. Amene anatulukira zimenezi analibe pepala kapena kompyuta, koma nzeru yake ndi yomwe ife timawerengera masamu m'kalasi.

Ndiye funso langa ndi ili: mwambiwu ukunena denga la nyumba kapena la nkhokwe? Ankalisenza atafolera kale kapena lili mitengo yokhayokha?

Sindikufunsa pongofuna kucheza. Pa ntchito yosamala nyumba zakale, chovuta kusunga ndi kamangidwe kake. Mzikiti waukulu wa ku Djenné ku Mali, umene ulipowu unamangidwa mu 1907, ndi wadothi, ndipo ukadalipo chifukwa chaka ndi chaka anthu a mumzindamo amasonkhana kuumata. Mitengo yotuluka m'makoma ake ndi yopondapo omatawo. Ku Ise ku Japan amamanganso kachisi wawo wamatabwa zaka 20 zilizonse, komaliza mu 2013, ndipo potero achinyamata amaphunzira ntchito m'manja mwa akuluakulu. Denga la tchalitchi cha Notre-Dame ku Paris litapsa mu 2019, panafunika amisiri odziwa kusema mitengo ndi nkhwangwa, ndipo mwayi wake anali alipo. Pulani imandiuza kutalika kwa khoma, koma siindiuza kuti luzi analinyika m'madzi asanamangire, kapena kuti panafunika anthu angati pa tsiku lokweza denga. Mwina zina mwa zimenezi zinabisala m'miyambi.

Yankho

Mwana wanga, wafunsa bwino. Ine ndinafolerapo nyumba ndili mnyamata, ndipo denga ndinasenza nawo. La nyumba tinkakweza lisanafoleredwe, chifukwa udzu ndi wolemera, makamaka ukanyowa. Tikatha kumanga mitengo pansi, tinkalowa kunsi kwake mozungulira, aliyense phaso lake pamutu kapena paphewa, ena ali ndi mitengo yamphanda yokankhira m'mwamba. Wamkulu mmodzi ankaima pambali n'kumaona ngati lapendekeka. Iye akanena kuti tiyeni, tonse pamodzi. La nkhokwe ndi laling'ono, limenelo limatukulidwa ndi udzu womwe. Koma nalonso munthu mmodzi sangalikhazike bwino, amangoligwetsera mbali imodzi.

Yankho

Achimwene, ine ndikuona ngati mukuusenzetsa katundu mwambiwu. Ndi chimodzimodzi ndi "chala chimodzi sichiswa nsabwe". Onse awiri akuti munthu payekha sangathe. Anthu ambiri amene amaunena lero sanaonepo denga likunyamulidwa, koma amaumva bwinobwino. Mwambi sufuna kuti udziwe zomangamanga.

Wofunsa uja

Zikomo kwambiri bambo, mwanditsegula maso, makamaka pa za wamkulu woima pambali uja. Sindinamuganizire n'komwe. Amene ali kunsi kwa denga saona ngati likupendekeka, amangomva kulemera kwa mbali yake.

Achimwene, n'zoona kuti mwambi umagwira ntchito ngakhale chiyambi chake chitaiwalika. Koma miyambi iwiriyi ine sindikuiona yofanana. Wa chala ukunena za kuchepa kwa mphamvu: onjezera chala china, nsabwe yafa. Wa denga, malinga ndi mmene bambowa afotokozera, ukunena zoposa kuchuluka kwa anthu. Mungakhale khumi amphamvu, koma mbali imodzi ikafulumira, luzi limaduka, mapaso n'kupotoka, ntchito ya masiku ambiri n'kuwonongeka musanafike n'komwe pakhoma. Pamafunika kunyamula nthawi imodzi, mofanana, momvera munthu mmodzi amene sakunyamula nawo. Wamphamvu kwambiri akafuna kudzionetsa ndi amene amawononga. Ngati zili choncho, mwambiwu ukudzudzulanso wothamangira kutsogolo, osati wokana thandizo yekha.

Pali chinanso chimene chikundikhudza monga wojambula mapulani. Kukula kwa denga kunkadalira kuchuluka kwa mitu imene ingabwere kudzasenza. Munthu sakanamanga nyumba yoposa anthu amene angamuthandize. Masiku ano makina okwezera katundu anachotsa malire amenewo, ndipo ndimajambula denga la kukula kulikonse osafunsa kuti adzalikonza ndani likadzayamba kudontha.

Bambo, ndikupempheninso. Timitengo tozungulira tija, tomangako mapaso, munkatitchula kuti chiyani? Ine ndangobwereka liwu la mkombero, ndipo ndikufuna kulemba dzina lake lenileni pa zojambula zanga. Nanga pansonga pokumana mapaso, munkamangapo bwanji kuti madzi asalowe? Ngati pali amisiri ena amene anagwirapo ntchitoyi, chonde tiuzeni mayina a ziwalo zonse za denga, kuyambira kunsonga mpaka m'munsi, ndi mtundu wa mtengo umene munkasankha pa chilichonse.